Gitala ya Magetsi ya ku Limbe

Ine tsiku langa lobadwa sindilidziwa. Amayi ankangoti ndinabadwa nandolo ali pa maluwa, ndipo kalaliki amene anandilemba ntchito pa esiteti anangondiyang'ana kumaso n'kundipatsa chaka chimene chinamukomera iyeyo. Ndiye zogulira mwana mphatso chifukwa choti kalendala yafika pa tsiku lake ndinkaziyesa za mabwana a m'mabangalo, anthu osowa chochita. Koma chaka chimene mwana wanga wamwamuna ankakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ine yemweyo ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kukamusankhira gitala, ndiponso ya magetsi. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nthawi imeneyo ndinali kapitawo wa othyola tiyi. Ntchito ya kapitawo ndi kuyang'ana manja a anthu. Tiyi wabwino ndi masamba awiri ndi kansonga, ndipo ine ndinkatha kuima kumapeto kwa mzere n'kudziwa amene akuthyola bwino ndi amene akungozula zilizonse kuti dengu lilemere. Ndinkadzitama nazo zimenezo. Ndinalinso dikoni kumpingo, woimba besi m'kwaya, ndipo kwathu a Sabata nyimbo tinkaimba ndi pakamwa basi. Gitala tinkaidziwa kuti kwawo ndi ku bala.

Mwanayu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anapanga yakeyake ya chigubu cha mafuta ophikira ndi mawaya a mabuleki a njinga. Nditamva, ndinamuitana n'kumuuza kuti chinthu chimenecho ndisadzachione ndi maso angawa. Iye anamvera mpaka kupyola muyeso. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha osachiona. Ankakaimbira kumunsi kwa fakitale, m'nkhalango ya bulugama momwe amadula nkhuni zoumitsira tiyi, ndipo atakula pang'ono ankabwereka magitala enieni kwa aphunzitsi ena a kusekondale. Ndikamaweruka, mphepo inkandibweretsera nyimbo zake kuchokera m'mitengomo. Ndinene zoona, ndinkachepetsa mapazi. Tsiku lina ndinaima n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chomwe sichinamasuke, chifukwa ankaimba nyimbo ya m'buku lathu la kutchalitchi ndipo besi yanga inkafuna kutuluka yokha pakhosi.

M'nyumba tinkakhala ngati anthu awiri odikira basi pa siteji. Mwadzuka bwanji, ndadzuka bwino, basi. Anali ndi chibwibwi, makamaka akamayankhula ndi ine, ndipo ine mtima wanga ndi wapachala. Akangokakamira pa liwu limodzi ndinkamumalizira chiganizo, kapena kumuuza kuti akapeza mawuwo adzandipeze kumunda. Kenako anasiya kuyamba n'komwe. Ine ndinkati ndili ndi mwana waulemu.

Amene ananditsina khutu ndi mayi ake. Kunali kumayambiriro kwa Disembala, mvula itagwa bwino, tiyi akuphuka mosalola munthu kupuma. Ndinabwera masana kudzamwa madzi, ndipo anandipeza ndikuvula magambutsi pakhonde.

"Bambo, chikwama cha mwana wanu chili pansi pa bedi. Chopakira kale."

"Akupita kuti?"

"Ku Bangwe. Kuli anyamata a bandi, oimba zauzimu, amva kaimbidwe kake. Akuti chaka chikangotembenuka anyamuka."

"Nanga ine sanandiuze bwanji?"

"Akuuzeni poyambira pati? Wandipempha kuti ndidzakuuzeni ineyo iye atakwera kale."

Ndinayankha mwaukali kuti apite, msewu ndi wa boma. Koma madzi aja ndinawasiya osamwa. Kupita kokhako sikunandiopse kwenikweni, ana amapita. Chimene chinandiopsa n'choti achoka osanditsanzika. Pa malayini, m'nyumba za antchito a pa esiteti, ndinawaonapo ana ochoka chotero. Kalata amalembera mayi awo, moni wa bambo amaika kumapeto ngati atsala ndi malo, ndipo tsiku lobwera amadzafikira kumanda. Sindinkafuna kukhala bambo wa mtundu umenewo, koma kukhala pansi ndi mwana n'kumupempha sindinkadziwa kuti amayamba bwanji.

Ndiye ndinapeza nzeru yangayanga, yomwe lero ndimaiseka. Nyumba yathu inali mwa zochepa za makapitawo zomwe zinali ndi magetsi, mababu awiri ndi soketi imodzi pabalaza. Ndinaganiza kuti gitala ya magetsi ili ndi chingwe, ndipo chingwecho chimalowa m'khoma. Khomalo ndi la nyumba yanga. Ndikamugulira, adzakhala ngati mbuzi ya pachikhomo, azidya mozungulira pomwepo. Tsiku lake lobadwa linali Lamulungu lotsatira, ndiye ndinapeza chonamizira. Mayi ake nditawauza anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangofunsa ngati ndamwa kale mankhwala a malungo.

Tsiku lopita linavuta. Loweruka ndi Sabata, munthu sugula kapena kugulitsa, ndipo Lamulungu masitolo ambiri ku Limbe amatseka. Kunatsala Lachisanu, ndipo ndinayenera kubwerera dzuwa lisanalowe, chifukwa likangolowa Sabata layamba. Kupempha tchuthi mu Disembala, tiyi atachuluka chonchija, n'chimodzimodzi kupempha bwana akupatse galimoto yake. Anandilola kuchoka ikakwana leveni. Ndinapinda chitenje cha mayi ake n'kuchiika m'thumba, chifukwa dikoni sangayende ndi gitala yapoyera kuchokera pa Thyolo Boma mpaka kunyumba.

Sitoloyo ndinaipeza nditafunsa kanayi. Munali mawailesi, masipika, makiyibodi, ndipo kukhoma lam'kati kunapachikidwa magitala atatu a magetsi. Wogulitsa anali bambo wamsinkhu wanga, wa imvi m'ndevu, ndipo zala zake zinkaonetsa kuti anaimbapo m'mabandi. Anandiona ndili chilili, jekete ya kutchalitchi pathupi, matope ofiira ku nsapato.

"Tikuthandizeni, bwana? Ya tchalitchi kapena ya bandi?"

"Ya mwana," ndinatero.

"Eya, ndiye mwana ameneyo ali ndi mwayi. Bambo anga ine yanga anaiwotcha."

Anayamba kunditsitsira yofiira, yonyezimira, ya nyanga ziwiri zosongoka. Ndinaikana ndisanaigwire. Imeneyo inkanunkha bala ngakhale inali yatsopano. Yachiwiri inali yakuda, koma yopepuka mondikayikitsa. Yachitatu inali ya mtundu wa tiyi wopanda mkaka, yoderapo m'mbali, ndipo mizere ya thabwa lake inkaoneka. Ndinainyamula n'kuiika padiso kuona ngati khosi lake ndi lowongoka, monga ndimachitira posankha mpini wa khasu. Wogulitsayo anaseka, koma anati ndachita bwino, oimba enieni amayang'ananso pomwepo.

Kenako ndinafunsa kuti pulagi yake ili kuti. Apa ndiye anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Bwana, iyi si ayironi. Mukailowetsa m'khoma, mwana wanuyo tikamuimbira ife nyimbo. Imalowa mu ampu, aka kabokosi ka sipika aka. Ampuyo ndiye amadya magetsi. Ndipo kakang'ono aka kamayenderanso batire ya galimoto, angapite nako kulikonse."

Angapite nako kulikonse. Mbuzi yanga inaduka chingwe ndisanaigule n'komwe. Ndinayang'ana kukhomo, ndipo kunena zoona ndinatsala pang'ono kutuluka. Koma bamboyo anali atalumikiza kale mawaya, anakhala pa kampando n'kukhudza zingwezo pang'onopang'ono. Mawu amene anatuluka m'kabokosimo sanali phokoso la ku bala limene ndinkayembekeza. Anali oyera, otalika, ofika pamtima. Ndinaganiza za mwana wanga m'mabulugama muja ndi chigubu chake, zaka zonsezo, ndipo ndinamva chisoni chomwe sindinachikonzekere. Ndinati andimangire zonse ziwiri.

Akupukuta gitalayo ndi kansanza, anandifunsa funso ngati mmene munthu amafunsira saizi ya nsapato.

"Mwanayo amaimbira dzanja liti? Ngati ndi wamanzere munene, ndimutembenuzire zingwe pompano."

Funso limenelo linandikwiyitsa, ndipo ndiyenera kufotokoza chifukwa chake. Mwana wanga anabadwa wamanzere. Tinazindikira akukwawa, koma tinkati zitha zokha. Kwathu dzanja lamanzere lili ndi ntchito yake yakuseri, ndipo sulidyera, supatsira moni, sulandirira kanthu kwa wamkulu. Chaka chija matipate atangoyamba, ana onse akuthamangira kusukulu yaulere, abusa anabwera kudzacheza kwathu n'kumupatsa mwanayo nthochi. Iye anatambasula lamanzere, lokhalokha, anthu akuona. Apongozi anga ananena mawu awiri m'Chilomwe omwe sindingawalembe pano. Kuyambira tsiku limenelo, nthawi ya chakudya ndi nthawi yophunzira kulemba ndinkamumanga dzanjalo m'chiuno ndi kansalu. Likapulumuka, kamtengo ka tiyi kankalikumbutsa. Sindinkamuda mwana wanga. Ndinkati m'mera mpoyamba, ndipo ndikumupulumutsa ku manyazi. Miyezi itatu inakwana, anayamba kudya ndi kulemba ndi lamanja, ndipo anthu anandiyamikira. Chibwibwi chinayamba chaka chomwecho, koma ziwirizi sindinaziike pamodzi.

Ndiye ndinamuyankha wogulitsayo mawu ali m'mwamba.

"Mwana wanga si wamanzere. Ndinamuwongola ndekha."

Anasiya kupukuta n'kundiyang'ana. "Munamuonapo akuimba?"

"Ndimamumva tsiku lililonse."

"Chabwino, bwana. Mwini mwana ndinu."

Safunsa anadya phula. Ndinakulunga gitala m'chitenje, kabokosi ndinakaika m'katoni, n'kuthamangira ku depoti. M'minibasi ndinaiimika pakati pa miyendo, ndipo mayi wina wa nthochi amene anakhala pambali panga anafunsa ngati ndi mfuti. Ndinati ndi zida za kufakitale. Bodza limenelo ndinalinena dzuwa likadali m'mwamba, ndiye ndinadzitonthoza kuti silinagwere m'Sabata. Ndinafika pakhomo kutangotsala kachidutswa ka dzuwa pamwamba pa phiri, ndipo tinabisa katunduyo kuseri kwa matumba a makaka. Tsiku lonse la Sabata ndinakhala kutsogolo ndi madikoni anzanga, nkhope yachiyero, mtima uli kuseri kwa matumba. Ulaliki wa tsiku limenelo musandifunse.

Lamulungu m'mawa, titamwa tiyi, ndinamuitana pabalaza. Analowa mwamantha, akuganiza kuti ndi nkhani ya chikwama. Anagwada pafupi ndi khomo. Mayi ake anaima potulukira kukhitchini, manja m'chitenje.

"Akuti lero ndi tsiku lako," ndinatero. Mawu ena onse amene ndinakonza anathawa. Ndinangofunyulula chitenje chokulunga gitala chija.

Anayang'ana gitala, anayang'ana mayi ake, kenako anapukuta manja pa buluku kawiri konse asanalandire, ndi manja awiri, mutu uli pansi. Ndinaona milomo yake ikulimbana ndi zikomo, ndipo liwulo linatuluka lodukaduka. Analumikiza mawaya mwachangu moti ndinadziwa kuti zinthuzi si zachilendo kwa iye. Kabokosi kanayamba kung'ung'udza.

"Taimba timve," ndinatero, n'kukhala bwinobwino pampando wanga.

Anazengereza. Kenako anaika gitala pamwendo, khosi lake kuloza kumanzere, dzanja lamanja pa zingwe, monga mmene anaigwirira wogulitsa uja. Anayamba. Zimene zinatuluka sindingazitche nyimbo. Zala zinkaphonya, zingwe zinkalira mokukuta, akayamba mzere n'kuima, kuyambanso n'kuima. Thukuta linatsika m'masaya mwake. Mtima wanga wapachala uja unayamba kutentha. Poyamba ndinati wa imvi uja wandigulitsa chakufa. Kenako ndinati kapena amene ndinkamumva m'mabulugama anali wina, ndipo mwana wangayu akuthawira ku Bangwe ndi luso la eni ake.

"Kodi ndi zimenezi zimene akukuitanira m'tauni?"

Anasiya, n'kuweramitsa mutu. Apa m'pamene mayi ake anayankhula, motsitsa mawu, osasuntha pamene anaima.

"Bambo, inu mumati ntchito yanu ndi kuyang'ana manja. Tayang'anani a mwana wanu."

Ndinayang'ana. Zikhadabo za dzanja lamanzere zinali zazitali, zosungidwa bwino, zokhwatchira zingwe. Nsonga za zala za lamanja zinali zolimba, zokhala ndi timizere tolowa m'kati, zodindira mawaya kwa zaka zambiri. Manjawo anali atasinthana ntchito pamaso panga. Mwana wanga ankadziwa kuimba, koma pamaso pa bambo ake sakanatha kutsogoza dzanja lamanzere, ndiye anasankha kuoneka wosadziwa pa tsiku lake lomwe kusiyana n'kundichitira mwano. Ine amene ndinkazindikira wothyola molakwa ndili kutali, ndinakhala naye m'nyumba imodzi zaka zonsezo osaona zimenezi. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo pamaso pa bwana aliyense.

"Tembenuza," ndinatero.

"A-ababa?"

"Gitalayo. Igwire mmene umaigwirira ukakhala wekha."

Anayang'ananso mayi ake, ndipo iwo anagwedeza mutu. Anaitembenuza pang'onopang'ono, khosi kuloza kumanja. Timabatani tosinthira mawu tinabwera m'mwamba, pansi pa mkono wake, ndipo waya unkamupinga. Ndinayamba kudandaula kuti wogulitsa anandifunsa ndipo ine ndinakana, koma tikhoza kubwerera ku Limbe akakonze zingwe.

"Ayi, ababa," anatero. "I-izi zili bwino. Ndinaphunzirira pa magitala a anthu. Sungasinthe zingwe pa gitala yobwereka. Ndimangoitembenuza, chingwe chachikulu chimakhala pansi. A-akanasintha, sindikanaitha."

Moti kuuma mutu kwanga kunandigulitsa gitala yoyenera mwangozi. Ndinafuna kuseka, koma sizinatheke, chifukwa dzanja lake lamanzere linangoima pamwamba pa zingwe, osatsika. Anayesa kamodzi, chala chinakodwa. Anayesanso. Kenako ananena osandiyang'ana kuti ndikamamuyang'ana dzanjalo limakana.

Mayi ake anandikodola kuti tituluke, timusiye yekha. Ndinakana. Kutuluka ndinali nditatuluka kokwanira. Ndinatsika pampando wanga n'kukhala pa mkeka, pafupi naye, mawondo akulira, ndipo ndinanena mawu amene sindinawauzepo mwana aliyense.

"Dzanja limenelo ndinalilakwira ndine. Silinalakwe kanthu. Ndikhala pompano mpaka livomere, ngakhale litenge tsiku lonse."

Silinatenge tsiku lonse, koma linatenga nthawi. Kunja kunayamba kuwaza, ana a pa malayini anasonkhana pawindo, mayi ake anawathamangitsa, anabweranso. Ine ndinangokhala chete, ntchito yomwe sindinaizolowere. Kenako zingwe ziwiri zinagwirizana, zitatu, ndipo nyimbo inatuluka yonse, yosaduka paliponse. Pa gitala analibe chibwibwi. Ndinayang'ana dzanja lija likuyenda, lofulumira, losaphonya, kuposa manja onse amene ndinawayamikirapo m'munda. Misozi ndinaisiya itsike, sindinanamizire utsi.

Atamaliza anaika gitala pamiyendo. Ndinaona kuti akufuna kunena kanthu, ndipo liwu loyamba linamukakamira pakhosi. Chiganizocho ndinkachidziwa, chinali kale pa lilime langa. Ndinaluma mlomo n'kudikira.

"A-a-ababa. Ndi-ndikufuna kupita ku Bangwe. Mu Janyuwale. Ndi-ndimafuna mundilole."

Ndinagula gitala ija kuti asanene mawu amenewo. Koma anawanena yekha, kwa ine, akundiyang'ana m'maso, ndipo ndinawamva mpaka kumapeto. Ndinamuuza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma Sabata azisunga, ndipo mayi ake asamawaiwale. Mawu anga nawonso anatuluka odukaduka.

Ananyamuka Lachiwiri lina m'mawa, nkhungu isanachoke m'minda. Anthu anga anali atayamba kale kuthyola m'mbali mwa msewu, ndipo anaimika manja kuyang'ana kapitawo wawo, dikoni wa mpingo, akudutsa ndi gitala ya magetsi paphewa, yosakulunga. Iye ananyamula chikwama ndi kabokosi. Pa siteji minibasi inachedwa, ndipo tinacheza mpaka inafika.